Kodi Wosewera Wopanda Chikho Tingamutche Katswiri?

Nyengo ya mpira wamiyendo ikatha, zikho zitalowa m'makabati, mkangano umene umatsala m'zipinda za aphunzitsi, m'maofesi ndi m'mabasi ndi wakuti wosewera woposa anzake ndani. Mkangano umenewu umayamba bwino, wina kutama luso la uyu, wina kukumbutsa zigoli za uja, koma kawirikawiri umathera pa funso limodzi lofunsidwa mokweza mawu: "Nanga iyeyo adatenga chikho chanji?" Yankho likakhala lakuti sadatenge, anthu amaona ngati mlandu watha, ndipo dzina la munthu amene adatumikira masewerawa zaka khumi kapena makumi awiri limakankhidwira kumapeto kwa mzere.

Ife tikuona kuti chiweruzo chotere nchothamangira, ndipo mlanduwu uyenera kubwereranso pabwalo. Awerengi athu asaiyese nkhani yocheza chabe. Timu ya dziko lathu sidatengepo chikho cha maiko a mu Africa, ndipo sidapondepo ku mpikisano wa chikho cha dziko lonse. Tikavomereza kuti ukatswiri umayesedwa ndi chikho chachikulu chokha, tavomerezanso kuti Malawi sadabalepo katswiri. Kuwonjezera apo, ana athu amamvetsera pamene akuluakulu akukangana, ndipo muyeso umene tiyesa nawo osewera otchuka ndi womwewo umene iwo adzadziyesa nawo pabwalo la sukulu. Tsono tiyeni tiyambe ndi munthu amene mlandu wake ndi wovuta kuposa wa ena onse, chifukwa iyeyu sadanyamulepo chikho chachikulu chiri chonse.

Pulambala wa ku Preston

Tom Finney adabadwira mu mzinda wa Preston ku England m'chaka cha 1922. Bambo wake adamulola kusewera mpira pokhapokha atatsiriza kuphunzira ntchito yokonza mipope ya madzi, ndipo ntchito ya upulambala imeneyi sadaisiye ngakhale dzina lake litamveka ku Ulaya konse. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse idamudyera zaka zaunyamata, pakuti adakatumikira m'gulu la akasinja ku Egypt ndi ku Italy, kotero kuti masewera ake oyamba a ligi adawasewera mu 1946 ali ndi zaka 24. Kuyambira pamenepo kufikira 1960 adavala malaya a kalabu imodzi yokha, Preston North End. Adasewera masewera a ligi 433 nagoletsa zigoli 187, ndipo timu ya England adaisewerera maulendo 76 nagoletsa zigoli 30. Ankatha kusewera m'mbali mwa bwalo kumanja, kumanzere, ngakhalenso pakati kutsogolo, ndipo miyendo yake yonse iwiri idali yoopsa mofanana.

Nanga m'kabati mwake mudalowa chiyani? Mendulo ya ligi yaing'ono ya mu 1951, pamene Preston idabwerera mu ligi yaikulu, basi. Mu 1953 Preston idatsiriza ligi ndi mapointi 54, chimodzimodzi ndi Arsenal. Masiku amenewo matimu akafanana mapointi ankagawa zigoli zimene timu yagoletsa ndi zimene yagoletsedwa. Arsenal idagoletsa 97 nigoletsedwa 64, pamene Preston idagoletsa 85 nigoletsedwa 60. Aphunzitsi a masamu awerengere okha, ndipo apeza kuti ukatswiri wa dziko lonse la England udasiyanitsidwa ndi 0.099. Chaka chotsatira Preston idafika m'masewera omaliza a chikho cha FA ku Wembley, nigonja 3-2 kwa West Bromwich Albion. Mu 1958 idakhalanso yachiwiri mu ligi, kumbuyo kwa Wolverhampton Wanderers.

Wina anganene kuti akadasamukira ku kalabu yamphamvu. Mwayi wotere udabwera mu 1952, pamene kalabu ya Palermo ya ku Italy idamulonjeza mapaundi 10,000 ongosainira, pambali pa malipiro, nyumba ndi galimoto. Koma malamulo a nthawi imeneyo sankalola wosewera kuchoka popanda chilolezo cha kalabu yake, ndipo akuluakulu a Preston adakana. Finney adakhala, nalandirabe malipiro ochepa amene lamulo la ligi lidaika kuti wosewera aliyense asapitirire, lamulo limene lidathetsedwa mu 1961 iye atapuma kale. Tikamafunsa kuti adatenga chiyani, tiyenera kukumbukira kuti khomo lokatengera zikho kwina lidatsekedwa ndi anthu ena.

Komabe anthu a nthawi yake sadasokonezeke pomuweruza. Olemba nkhani za mpira adamusankha kukhala wosewera wapamwamba wa chaka mu 1954 ndi mu 1957, ndipo adali woyamba kulandira ulemu umenewu kawiri. M'zaka zonsezo dzina lake silidalembedwepo m'buku la woyimbira chifukwa cha kuchita zosayenera, ngakhale otchinga kumbuyo ankamutchera miyendo Loweruka liri lonse. Atangopuma, Preston idatuluka mu ligi yaikulu mu 1961, ndipo zaka 60 zidadutsa isadabwereremo. Mu 1998 adalandira ulemu wa Sir, ndipo atamwalira mu February 2014 anthu miyandamiyanda adaima m'misewu ya Preston kuperekeza maliro ake. Chiboliboli chake chiri panja pa bwalo la Deepdale. Munthu wofuna kunena kuti Finney sadali katswiri ayambe watsutsa mboni zonsezi.

Mwini chikho ndani?

Chinthu choyamba chimene wofunsa za chikho amaiwala nchakuti chikho chimatengedwa ndi anthu khumi ndi mmodzi, pamodzi ndi mphunzitsi wawo, osewera apabenchi ndi akuluakulu osamala chuma cha timu. Makolo athu adati mutu umodzi susenza denga, ndipo pa mpira mawu amenewa amaoneka ndi maso. Wosewera kutsogolo angagoletse ziwiri, koma sangathamangire kumbuyo kukagwira mpira umene goloboyi wake wautaya. Chifukwa chake mendulo imapachikidwa pakhosi pa aliyense wa m'gulu mosayang'ana kuti adagwira ntchito yotani. Ronaldo wa ku Brazil adalandira mendulo ya chikho cha dziko lonse mu 1994 ali ndi zaka 17, asadasewere ngakhale mphindi imodzi. Stéphane Guivarc'h adatsogolera kutsogolo kwa timu ya France pamene idatenga chikhochi mu 1998, ndipo mpikisano wonse udatha iye wosagoletsa chigoli. Palibe munthu wodziwa mpira amene angaike Guivarc'h pamwamba pa Michel Platini, amene kawiri konse, mu 1982 ndi mu 1986, adalekezera m'ndime yotsatana ndi yomaliza.

Chinthu chachiwiri nchakuti chikho cha mpikisano wochotsana chimaweruzidwa ndi tsiku limodzi, ndipo tsiku limodzi liri ndi mvula yake, zovulala zake ndi woyimbira wake. Timu ya Hungary ya Ferenc Puskás idatha zaka zinayi, kuyambira 1950, yosagonja. Idatenga golide pa masewera a Olympic mu 1952, idakwapula England 6-3 ku Wembley mu November 1953, niibwereza 7-1 ku Budapest. Pa mpikisano wa dziko lonse wa 1954 idagonjetsa West Germany 8-3 m'ndime yamagulu, koma m'masewera omwewo Puskás adavulazidwa kakolo. Matimu awiriwa adakumananso pa 4 July mu mzinda wa Bern kulimbirana chikho, mvula ikugwa. Puskás, amene adali asadachire bwino, adagoletsa chigoli choyamba, ndipo pomakwana mphindi 8 Hungary idali patsogolo 2-0. Masewera adatha 3-2 mokomera West Germany, chigoli chofananitsa chimene Puskás adagoletsa kumapeto chitakanidwa kuti adali ofusaidi. Munthu ameneyu adagoletsera Hungary zigoli 84 m'masewera 85, ndipo kuyambira 2009 bungwe la FIFA limapereka mphoto ya chigoli chokongola cha chaka m'dzina lake. Tsiku limodzi siliwoza mbewa. Masana amodzi a ku Bern sadathe kuwoza ntchito ya zaka khumi.

Chitsanzo chaposachedwa chingatithandize kuona kupyapyala kwa malire amenewa. Kwa zaka zambiri Lionel Messi ankanenedwa kuti sangafanane ndi Diego Maradona chifukwa alibe chikho cha dziko lonse, makamaka Argentina itagonja 1-0 kwa Germany mu 2014. Pa 18 December, 2022, ku Qatar, Argentina ndi France adali 3-3 nthawi yowonjezera iri pafupi kutha, pamene Randal Kolo Muani adatsala yekha ndi goloboyi Emiliano Martínez. Martínez adatambasula mwendo wamanzere nautchinga mpirawo, ndipo Argentina idapambana pa mapenate. M'mawa mwake anthu omwe aja adati tsopano Messi wakwanira. Koma tifunse: mpira uja ukadadutsa pansi pa mwendo wa goloboyi, kodi luso la Messi la zaka 18 likadachepa? Messi sadali pafupi ndi mpirawo. Chiweruzo chimene chimasintha chifukwa cha mwendo wa munthu wina chikusonyeza kuti chikuyesa mwayi wa timu, pamene ife timafuna kuyesa munthu.

Munthu sasankha kobadwira

Wosewera angasinthe kalabu, koma dziko lomusewerera amabadwa nalo. George Weah wa ku Liberia adasewera ku Monaco, ku Paris Saint-Germain ndi ku AC Milan, ndipo mu 1995 adakhala woyamba wa dziko la mu Africa kulandira mphoto ya Ballon d'Or. M'zaka zimenezo kwawo kudali nkhondo yapachiweniweni, ndipo nthawi zambiri ndalama zoyendetsera timu ya dzikolo zinkachokera m'thumba mwake. Adaifikitsa ku mpikisano wa Africa mu 1996 ndi mu 2002, ndipo ulendo wa ku chikho cha dziko lonse cha 2002 udawaphonya ndi pointi imodzi, Nigeria itawapitirira. Weah adapuma asadaponde pa mpikisano wa dziko lonse. Kumuweruza ndi chikho chimenecho kuli ngati kudzudzula mlimi wa m'dera la chilala kuti nkhokwe yake ndi yaing'ono poyerekeza ndi ya mnzake wolima m'dambo.

Taganiziraninso za Eusébio, amene adabadwira kwa anansi athu ku Mozambique mu 1942, mu mzinda umene lero ndi Maputo. Popeza dzikolo lidali m'manja mwa atsamunda, iye adasewerera Portugal, ndipo pa mpikisano wa dziko lonse wa 1966 adagoletsa zigoli 9, kuposa wina aliyense, timu yake nikhala yachitatu. Akadabadwa zaka makumi awiri pambuyo pake, akadatha kuvala malaya a Mozambique, dziko limene silidafikepo ku mpikisano umenewu, ndipo zigoli zisanu ndi zinayi zija sizikadalembedwa konse. Miyendo ikadakhala yomweyo, luso lomwelo, koma bwalo loonetsera likadasowa. Nkhani za ndale ndi za malire, zimene wosewera alibe nazo mphamvu, ndizo zimasankha amene adzapikisane pa zikho zikuluzikulu.

Zimene zidachitika ku Libreville

Phunziro lalikulu pa nkhaniyi tiri nalo pafupi, kwa abale athu a ku Zambia. Kalusha Bwalya, mwana wa ku Mufulira, adadabwitsa dziko mu September 1988 pamene Zambia idagonjetsa Italy 4-0 pa masewera a Olympic ku South Korea, iye atagoletsa zitatu, ndipo chaka chomwecho adasankhidwa kukhala wosewera wapamwamba mu Africa. Pa 27 April, 1993, ndege yonyamula timu ya Zambia kupita ku Senegal idagwera m'nyanja itangonyamuka ku Libreville m'dziko la Gabon. Anthu onse 30 adafa, 18 mwa iwo osewera, pamodzi ndi mphunzitsi wawo Godfrey Chitalu. Kalusha adapulumuka chifukwa adali ku kalabu yake ya PSV Eindhoven ku Netherlands, ndipo adakonza zokakumana ndi anzake ku Dakar.

Patangopita milungu khumi, timu yatsopano yosonkhanitsidwa mofulumira idagonjetsa Morocco 2-1 ku Lusaka, Kalusha ali kaputeni ndiponso atagoletsa chigoli chofananitsa. Mu October chaka chomwecho idangofunika kulepherana ndi Morocco ku Casablanca kuti ipite ku chikho cha dziko lonse, koma idagonja 1-0. Mu April 1994 idafika m'masewera omaliza a chikho cha Africa ku Tunis. Elijah Litana adagoletsa poyambirira penipeni, koma Emmanuel Amunike adabweza ziwiri, Nigeria nitenga chikho. Mu 1996 ku South Africa Zambia idakhala yachitatu, Kalusha atagoletsa zigoli 5, kuposa onse. Ligi ya ku Netherlands adaitenga ndi PSV, koma chikho cha Africa sadachikhudze ali wosewera. Kodi pali chikho chimene chingapose ntchito yotenga anyamata olira maliro a anzawo ndi kuwafikitsa pa masewera omaliza a Africa chaka chisadathe?

Chikhocho chidabwera pa 12 February, 2012, mu mzinda womwe uja wa Libreville, pamene Zambia yotsogozedwa ndi Christopher Katongo idagonjetsa Côte d'Ivoire 8-7 pa mapenate. Kalusha adali pomwepo monga mtsogoleri wa bungwe loyendetsa mpira m'dziko lake. Katongo ndi anzake ayenera ulemu wonse, koma sitikhulupirira kuti ku Zambia kuli munthu amene anganene kuti usiku umenewo udatsitsa Kalusha pa mndandanda wa akatswiri a dzikolo.

Tiyang'anenso mbali ya ogonja usiku womwewo. Didier Drogba adaponyera kumwamba penate masewera ali mkati, ndipo aka kadali kachiwiri kugonja m'ndime yomaliza, pakuti mu 2006 ku Cairo timu yake idagonjanso pa mapenate kwa Egypt. Adasiya kusewerera dziko lake mu 2014 atagoletsa zigoli 65, ndipo miyezi yowerengeka pambuyo pake, mu February 2015, Côte d'Ivoire idatenga chikho iye kulibe. Wotsata muyeso wa chikho ayenera kunena kuti aliyense amene adali m'gulu la 2015, ngakhale wokhala pabenchi, adaposa Drogba. Muyeso umene ukutikakamiza kunena zotere uli ndi chilema.

Chikho nacho chiri ndi mawu

Pofuna chilungamo, tisachite ngati chikho nchopanda pake. Mpira amasewerera kupambana, ndipo wosewera amene salira akagonja sayenera kuvala malaya a timu. Masewera omaliza amayesa chinthu chimene masewera wamba sangayese, ndicho mtima wa munthu pamene dziko lonse lamuyang'ana ndipo mwayi wachiwiri palibe. Pelé ali ndi zaka 17 adagoletsa ziwiri m'masewera omaliza a 1958 ku Sweden. Maradona mu 1986 ku Mexico adagoletsa zigoli 5 nakonzera anzake zina, kuphatikizapo chigoli chimene chidapha West Germany. Pa anthu awiriwa chikho chikunena zoona, chifukwa dzanja lawo likuoneka pa ntchito yonse. Tivomerezenso kuti Finney sadasewere bwino ku Wembley mu 1954, monga mwini wake ankanenera poyera mpaka ukalamba wake, ndi kuti penate ya Drogba idali m'mapazi mwake, osati mwa wina. Zimenezi ziyenera kulembedwa pa mbiri yawo.

Chimene tikukana ndicho kusandutsa mboni imodzi kukhala woweruza. Pabwalo la milandu kumudzi, mfumu yanzeru simangomva munthu mmodzi nkugamula, ngakhale munthuyo akhale wolemekezeka chotani. Imafunsa amene adaona, amene adamva, ndi amene amadziwa khalidwe la woimbidwa mlandu kuyambira kale. Chikho chilankhule, ndipo mawu ake alemekezedwe, koma chikatha kulankhula chikhale pansi kuti mboni zina ziitanidwe.

Mboni zotsala

Mboni yoyamba ndi zaka. Nyengo imodzi yabwino ingamugwere wosewera wamba, koma kukhala pamwamba zaka khumi, adani akukuphunzira ndi kukukonzera misampha nyengo iri yonse, kumatheka ndi katswiri yekha. Mboni yachiwiri ndi timu yake iye akachokapo. Kugwa kwa Preston chaka chimodzi Finney atapuma kukutiuza kulemera kwa katundu amene ankasenza, mwina kuposa mmene mendulo ikadatiuzira. Mboni yachitatu ndi anzake ndi adani ake, anthu amene adamva mphepo yake akuwadutsa. Bill Shankly, amene adasewera naye ku Preston ndipo pambuyo pake adamanga timu yotchuka ya Liverpool, adaona akatswiri ambiri onyamula zikho, koma moyo wake wonse ankaika Finney patsogolo pa onse.

Mboni yachinayi ndiyo imachedwa kufika, koma mawu ake ndi olemera: kodi munthuyu adasiya chiyani m'masewerawa? Pa 7 July, 1974, ku Munich, timu ya Netherlands ya Johan Cruyff idagoletsa pa penate osewera a West Germany asadakhudze mpira, koma idagonja 2-1. Cruyff sadapitenso ku mpikisano wa dziko lonse. Koma kaseweredwe ka timu imeneyo, kosinthana malo, kosunga mpira ndi kothamangitsa mdani kumbali kwake komwe, iye adakaphunzitsa ku Barcelona kuyambira 1988 mpaka 1996. Mmodzi mwa ophunzira ake adali Pep Guardiola, amene adadzakhala mphunzitsi wa kalabu yomweyo. Pamene Spain idatenga chikho cha dziko lonse ku Johannesburg mu July 2010, osewera 6 mwa 11 oyamba adali oleredwa ku Barcelona, ndipo timu imene adaigonjetsa idali Netherlands yomwe. Mbewu imene idakanika kubereka ku Munich idakacha m'munda wa eni patapita zaka 36. Mphunzitsi aliyense akudziwa kuti ntchito yake yeniyeni imaonekera mwa ophunzira amene adadutsa m'manja mwake.

Mboni yomaliza ndi khalidwe. Luso ndi mphatso, ndipo sitingakane kuti ena adali nalo lochuluka ngakhale moyo wawo udali wosalongosoka. Koma tikamakamba za dzina limene munthu asiya m'mbuyo, makolo amafunsa ngati angauze mwana wawo kuti atengere munthu ameneyo. Anthu a ku Preston sadaime m'misewu m'nyengo yozizira chifukwa cha zigoli 187 zokha. Ambiri a iwo adali asadabadwe pamene iye ankasewera. Adamudziwa monga munthu amene adakhala pakati pawo, nagwira ntchito ya manja ake, osadzikweza.

Za kuno kwathu

Tsono tibwerere kwathu ndi mboni zimenezi. Kufikira chaka cha 2025, Flames idapita ku mpikisano wa chikho cha Africa katatu: ku Côte d'Ivoire mu 1984, ku Angola mu 2010, ndi ku Cameroon mu January 2022, kumene idadutsa ndime yamagulu kwa nthawi yoyamba nigonja 2-1 kwa Morocco, Gabadinho Mhango atagoletsa chigoli chakutali chimene Africa yense adachikamba. Zikho zathu ndi za m'chigawo cha kum'mawa ndi pakati pa Africa, za 1978, 1979 ndi 1988, pamodzi ndi mendulo ya malo achitatu pa masewera a All-Africa ku Nairobi mu 1987. Kinnah Phiri adagoletsera dziko lino zigoli 71, ndipo adasiya kusewerera Flames isadafike ku mpikisano wa Africa. Wofunsa za chikho chachikulu angamupyole osamuona. Koma itanani zaka zake, itanani amene adalimbana naye m'chigawo chino, itanani anyamata amene iye monga mphunzitsi adawatengera ku Angola nakagonjetsa Algeria 3-0 ku Luanda, ndipo mudzamva chigamulo china.

Pali ntchito ziwiri zimene zikutuluka m'nkhaniyi. Yoyamba ndi ya akuluakulu oyendetsa masewera m'makalabu, m'maboma ndi m'dziko lonse. Chikho chimadzisungira mbiri chokha chifukwa dzina la timu limalembedwa pa chitsulo, koma mboni zinazi zimafa ngati palibe wozilemba. Tikudziwa za masewera 433 a Finney ndi za 0.099 ya mu 1953 chifukwa kudali anthu olemba Loweruka liri lonse. Kalabu iri yonse iyenera kukhala ndi buku la masewera, losonyeza tsiku, mayina a osewera ndi ogoletsa, ndipo osewera akale amene akali moyo afunsidwe nkhani zawo zilembedwe. Tikalekerera, adzukulu athu adzangopeza mndandanda wa zikho, ndipo adzaganiza kuti amene mulibe m'mndandandamo sadachite kanthu.

Yachiwiri ndi ya aphunzitsi amene amayang'anira masewera m'sukulu. Pa mpikisano wa sukulu makumi atatu, chikho chimapita ku sukulu imodzi, ndipo m'sukulu makumi awiri ndi zisanu ndi zinayi zotsalazo muli ana aluso amene abwerera chimanjamanja. Mwana amene wasenza timu yofooka nyengo yonse, wosajomba pokonzekera, wosatukwana woyimbira, ayenera kumva dzina lake likutchulidwa pamzere wam'mawa ngakhale timu yake idatuluka m'ndime yoyamba. Tikamatama onyamula chikho okha, tikuphunzitsa ana kuthawa timu yakwawo ndi kukakhala pabenchi ya timu yamphamvu, ndiponso kubisa zaka zawo zobadwa kuti apambane mwa njira iri yonse. Aphunzitseni kulimbira chikho ndi mphamvu zawo zonse, ndipo aphunzitseninso kuti ntchito yabwino imawerengedwa ngakhale pa tsiku logonja.

Motero, mkangano uja ukadzabukanso ndipo wina nkufunsa kuti wakutiwakuti adatenga chikho chanji, funsolo liyankhidwe moona, pakuti ndi funso loyenera. Koma pasakhale womwazika. Afunsidwenso kuti munthuyo adasewera zaka zingati ali pamwamba, adali ndi anzake otani, timu yake idakhala bwanji iye atachoka, adani ake ankati chiyani, ndipo adasiya yani wotsata mapazi ake. Mayankho a mafunso amenewa akamveka onse, pamenepo mlandu ungathe kugamulidwa.